Kodi Border Terrier Ndi Galu Woyenera Banja la Ana?

Mutu wa mtsutso: Border Terrier, kagalu ka ubweya wokhakhala ka kumalire a England ndi Scotland, ndi galu woyenera kuwetedwa pa banja limene lili ndi ana.

Ku Britain galu amakhala m'nyumba. Amagona pabalaza, amakwera nawo galimoto, ali ndi dokotala wake ndiponso tsiku lake la katemera. Mabanja a kwathu amene anakhazikika ku Leicester, Manchester, Glasgow ndi mizinda ina ya kumeneko nkhaniyi imawapeza kudzera mwa ana. Mwana wobadwira konko amaona anzake a kusukulu ali ndi agalu, ndipo sawapatsa mpata wopuma makolo ake mpaka atalola. Makolowo, amene anakula akudziwa galu ngati mlonda wa pakhomo kapena mnzake wa mlenje, akagonja amafunafuna galu wamng'ono, wosadya kwambiri, wosadwaladwala, woti sangavulaze mwana. Pa mayina amene odziwa za agalu amatchula zikatere, la Border Terrier silisowa.

Tiyambe tadziwa kumene galuyu anachokera, chifukwa mfundo za mbali zonse ziwiri zagona pomwepo. Kwawo ndi kumapiri a Cheviot, dera lozizira, lamvula, la abusa a nkhosa. Nkhandwe za kumeneko zinkagwira ana a nkhosa, ndiye alimi ankafuna galu wa miyendo yotalikirapo moti azitha kutsatira hatchi tsiku lonse, komanso wa chifuwa chochepa moti azilowa kudzenje kwa nkhandwe n'kuitulutsa. Poyamba ankatchedwa Coquetdale Terrier kapena Redesdale Terrier, potengera zigwa za kumeneko. Dzina la lero linabwera chifukwa cha gulu la alenje la Border Hunt la ku Northumberland, ndipo bungwe la Kennel Club, limene limalemba mitundu ya agalu ku Britain, linauvomereza mtunduwu mu 1920. Kusaka nkhandwe ndi gulu la agalu kunaletsedwa ku Scotland ndi lamulo la mu 2002, ndipo ku England ndi Wales ndi lamulo la mu 2004. Ambiri mwa agaluwa lero sanalionepo dzenje la nkhandwe, koma thupi ndi mtima zimene alimi aja ankasankha mbadwo ndi mbadwo akadali nazo.

Mbali yovomereza

1. Ndi galu wathanzi, wokhalitsa. Ovomereza amayambira apa, ndipo umboni ali nawo wogwirika. Agalu aang'ono ena amene atchuka ku Britain zaka zapitazi, monga French Bulldog ndi Pug, anthu amawakondera nkhope yaphwatalala, ndipo nkhope yomweyo ndi imene imawazunza: amapuma movutikira, amabanika kukatentha, makwinya a pakhungu amachita zilonda, ndipo ana ambiri a French Bulldog amabadwa kudzera mu opaleshoni. Border Terrier sanasankhidwe chifukwa cha nkhope. Mlimi wa ku Cheviot analibe naye ntchito galu wotopa msanga kapena wodwala akanyowa, choncho amene anapitiriza mtundu ndi okhawo amene ankapirira. Mpaka lero oweruza pa zionetsero za agalu amachizinga chifuwa chake ndi manja awiri kuseri kwa mapewa kuti aone ngati angalowe kudzenje, ndipo amakoka chikopa cha pamsana kuti aone ngati n'chochindikala ndiponso chotakasuka, poti chikopa chotero ndi chimene chinkamuteteza ku mano a nkhandwe. Kafukufuku amene anatuluka mu 2024, wounika agalu oposa 580,000 ku Britain, anapeza kuti Border Terrier amakhala ndi moyo zaka pafupifupi 14, pamene agalu onse kuwaphatikiza pamodzi amakhala zaka 12 ndi theka, ndipo French Bulldog nthawi zambiri sakwanitsa zaka 10. Pa banja kusiyana kumeneku kumamveka m'thumba ndi mumtima momwe: maulendo a kwa dokotala amachepa, ndipo mwana amene analandira kagalu atangoyamba sukulu amatha kumaliza naye sekondale.

2. Mtima wake ndi wochezeka. Agalu a m'gulu la terrier amadziwika ndi ndewu, koma uyu amasiyanako ndi abale ake. Ankasaka limodzi ndi gulu la agalu akuluakulu, kumene galu wokonda kuputa anzake akanasokoneza uzimba, ndipo madzulo ankabwerera pakhomo pa mlimi, pamene panalinso ana ndi ziweto. Zotsatira zake ndi galu wokonda anthu, wogwira msanga zimene akuphunzitsidwa makamaka pakakhala kachakudya kam'manja, wosatopa ndi kuthamangitsa mpira. Msinkhu wake nawo umathandiza. Galu wochepetsetsa monga Chihuahua amatha kuthyoka mwendo mwana akamugwetsa kapena kumuponda, ndipo galu amene amakhala mwamantha chotero sachedwa kuluma. Galu wamkulu monga German Shepherd, ngakhale akhale wofatsa, amatha kugwetsa mwana wa zaka zitatu ndi chisangalalo chabe. Border Terrier ali pakati: ndi wolimba moti amapirira kugundidwa pamasewera, komanso wopepuka moti zinthu zikavuta munthu wamkulu amangomunyamula ndi dzanja limodzi. Wina anganene kuti galu ndi galu, mano ali nawo, ndipo sakunama, pakuti ana ambiri amene amalumidwa amalumidwa ndi galu amene amamudziwa, m'nyumba momwemo, ndipo aang'ono amalumidwa kumaso chifukwa cha kufupika kwawo. Koma mfundo imeneyi ikukhudza galu wa mtundu uliwonse. Chimene ikutiuza n'chakuti mwana wamng'ono asasiyidwe yekha ndi galu, ndiponso aphunzitsidwe kusamuputa akamadya kapena akagona. Ngati banja latsimikiza kale kuti liweta galu, kuli bwino akhale wa makilogalamu 6 wa mbiri yofatsa kusiyana ndi wa makilogalamu 35.

3. Salira zambiri, ndipo ubweya wake ndi wosavuta kusamala. Wamwamuna amalemera makilogalamu 6 mpaka 7, wamkazi 5 mpaka 6 ndi theka. Chakudya chake n'chochepa, ndipo popeza mankhwala a njoka za m'mimba, a utitiri ndi a nkhupakupa amaperekedwa potengera kulemera kwa galu, nawonso amatsika mtengo. Amakwana m'nyumba zing'onozing'ono zogundizana zimene zadzaza m'mizinda ya ku Britain, amakwana kumbuyo kwa galimoto, ndipo m'sitima za kumeneko amakwera ulere bola akhale pachingwe. Chimene ambiri sachiyembekeza ndi ubwino wa ubweya wakewo. Uli pawiri: wam'kati wofewa, wosunga kutentha, ndi wakunja wokhakhala ngati waya, umene madzi amangotsetserekapo. Akabwera kuchokera ku paki ali matope okhaokha sipafunika kumusambitsa, chifukwa matopewo akauma amayoyoka ndi burashi. Ubweya wakunjawo ukakalamba amachita kuuzula. Munthu amatambasula chikopa ndi dzanja limodzi, ndi linalo n'kumagwira ubweya pang'onopang'ono pakati pa chala chachikulu ndi cha mkombaphala, n'kumakokera kumene ubweyawo wagonera. Wakufawo umachoka mosavuta, galu osamva kuwawa, pansi pake n'kuonekera wina watsopano, waufupi, wa mtundu wowala. Ntchitoyi imachitika kawiri pachaka, mwini galu akhoza kuiphunzira yekha, ndipo galu wozulidwa bwino sasiya ubweya wambiri pamipando ndi pazovala monga amachitira Labrador.

4. Amalitulutsa banja panja. M'nyengo yozizira ku Britain kumada 4 koloko masana, ndipo ana amatha sabata yonse ali pa foni ndi pa TV. Galu salola zimenezo. Amafuna kuyenda tsiku lililonse, ndipo woyenda nayeyo amakumana ndi anansi amene mwina sakanalonjerana nawo. Palinso nkhani ya mantha. Makolo ambiri ochokera kwathu amaopa agalu pa zifukwa zomveka, pakuti chiwewe chimapha ndithu, ndipo n'chifukwa chake bungwe la Mission Rabies lakhala likubaya agalu katemera ku Blantyre kuyambira mu 2015. Ku Britain chiwewe cha agalu chinathetsedwa m'ma 1920, koma agaluwo ali paliponse: m'mapaki, m'mabasi, m'nyumba za anzake a mwana. Mwana amene wakulira limodzi ndi galu amatha kusiyanitsa galu amene wakwiya ndi amene akufuna kusewera, ndipo nzeru imeneyi imamuteteza kuposa kuthawa akukuwa.

Mbali yotsutsa

1. Chibadwa chosaka sichichoka. Otsutsa nawo amayambira kumapiri a Cheviot, koma amaonako china. Galu amene ntchito yake inali kulowa yekha kudzenje, mumdima, kumene mbuye wake sangamuone kapena kumulamula, anayenera kukhala wodzisankhira yekha zochita ndiponso wosagonja. Khalidwe limeneli ndi lomwe limaonekera ku paki. Galu amene kunyumba amabwera nthawi yomweyo ukamuitana, akangoona gologolo akudutsa pakapinga amaima njo, makutu tcheru, thupi lonse lili gwa, kenako liwiro. Mwini wake angakuwe dzina lake mpaka mawu kusasa, iye samva, ndipo ngati pakati pa iye ndi gologoloyo pali msewu wa magalimoto, sauona. Pakhomo vutoli limakula ngati ana akuweta kale akalulu, mbira, hamster kapena nkhuku kuseri kwa nyumba. Palibe njira yomuuzira kuti kalulu wa m'khola ndi wa pa banja, ndipo tsiku limene chitseko cha khola chidzaiwalidwe chosatseka, mwana adzaona chiweto chake chimodzi chitapha chinzake. Ovomereza amayankha kuti maphunziro amathetsa zimenezi, ndipo amaloza agalu ambiri a mtunduwu amene amagona pamodzi ndi mphaka. N'zoona kuti galu amene wakulira limodzi ndi mphaka amamutenga ngati wa m'nyumba, koma mphaka wa mnansi akadutsa pampanda amamuthamangitsabe, ndipo mkangano umene umatsatirapo umakhala wa anthu. Maphunziro amamuthandiza kudzigwira nthawi zambiri, koma nthawi imodzi yokha imene walephera ndi yokwanira kubweretsa ngozi. Kumidzi nkhaniyi imafika mpaka kukhoti. Lamulo la mu 1953 loteteza ziweto limamupatsa mlandu mwini galu amene wathamangitsa nkhosa, ngakhale sanailume, pakuti nkhosa ya bere ikathamangitsidwa imatha kupoloza, ndipo nthawi zina malamulo amamulola mlimi kuwombera galu amene wamupeza akuvutitsa ziweto zake. Tanthauzo lake n'lakuti ambiri mwa agaluwa amayenera kukhala pachingwe paliponse pamene pali msewu kapena ziweto, moyo wawo wonse, ndipo mwana wamng'ono sayenera kupatsidwa chingwecho kuti ayende naye yekha.

2. Amakumba ndipo amathawa. Galu amene anapangidwira kudzenje akanunkhiza khoswe pansi pa mpanda amakumba mpaka atatulukira kunja, ndipo mpata umene mutu wake wakwana thupi lonse limadutsa. Amadumphanso kuposa mmene msinkhu wake ukuonekera. Banja limene lili m'nyumba yakeyake likhoza kukweza mpanda n'kukwirira waya pansi pake. Limene lili m'nyumba ya lendi, monga mabanja ambiri amene angofika kumene m'dzikolo, silingasinthe mpanda mwa kufuna kwake, liyenera kuyamba lapempha chilolezo cha mwini nyumba choweta galu, ndipo maenje a pakapinga ndi zitseko zokandika zidzadula ndalama ya chikole tsiku losamuka. Kupeza nyumba ina ya lendi uli ndi galu nakonso n'kovutirapo.

3. Amafuna nthawi imene mabanja ambiri alibe. Mfundo iyi ndi imene imalemera kwambiri, ngakhale kuti ndi yomwe anthu amaidumpha pogula. Kuchepa kwa thupi lake kumanamiza anthu kuti ndi galu wongokhala pamiyendo. Kennel Club imanena kuti amafunika kuyenda pafupifupi ola limodzi tsiku lililonse, ndipo ku Britain zimenezi zikutanthauza kutuluka mumvula, mumphepo ndi mumdima, uli ndi kathumba ka pulasitiki m'thumba kotolera chimbudzi chake, chifukwa wochisiya pamsewu amalipitsidwa chindapusa. Mabungwe osamalira nyama monga RSPCA ndi Dogs Trust amalangizanso kuti galu asamasiyidwe yekha kupitirira maola 4. Tsono tiyerekeze ndi mmene tsiku limayendera pa banja limene mayi ndi namwino kapena amagwira ntchito yosamalira okalamba, ya mashifiti a maola 12, bambo nawo ali kuntchito ndipo ana ali kusukulu kuyambira m'mawa mpaka 3 koloko. Galu wokonda anthu, wanzeru, wamphamvu, akatsekeredwa yekha tsiku lonse amadzipezera ntchito: amatafuna nsapato ndi mawaya, amakanda chitseko, amauwa ndi kulira. M'nyumba zogundizana kulirako kumamveka kwa anansi, ndipo iwo ali ndi ufulu wokadandaula ku khonsolo. Ndiye kuti kuchezeka komwe kuja, kumene ovomereza amakuyamikira, ndi kumene kumamuchititsa kuvutika akakhala yekha. Palinso maulendo. Banja lochokera kwathu limapita kumudzi kwa milungu ingapo, nthawi zina mwadzidzidzi pakagwa maliro. Kumutenga galu pa ulendo wotero kumafuna zikalata, katemera wa chiwewe, kuyezetsa magazi ndi ndalama zambiri, choncho amatsala, ndipo malo osungirako agalu amalipiritsa usiku uliwonse. Pomaliza, zaka 14 zija zili ndi mbali yake ina. Mwana wa zaka 10 amene akulirira galu lero adzakhala ndi zaka 24 galuyo akamadzakalamba, atachoka kale pakhomo. Ngakhale lamulo la mu 2006 losamalira nyama ku England ndi Wales limanena kuti chiweto cha mwana wosakwana zaka 16 udindo wake uli pa kholo. Amene akugula galuyo kwenikweni ndi mayi ndi bambo.

4. Matenda ake alipo, ndipo chipatala cha galu si chaulere. Kukhalitsa sikutanthauza kusadwala. Mtunduwu uli ndi matenda ena ake amene eni agalu amawatchula kuti Spike's disease: galu amauma minofu mwadzidzidzi, amanjenjemera, amalephera kuyenda kwa mphindi zingapo ali maso ndithu, kenako n'kubwerera mwakale. Akatswiri anapeza kuti matendawa amakhudzana ndi guluteni, chinthu chopezeka mu tirigu, ndipo agalu ambiri odwala amapeza bwino akasiya kudya za tirigu, zimene n'zovuta kuzitsata pa nyumba imene ana amagwetsa buledi ndi mabisiketi pansi. Palinso matenda a ubongo ochokera kwa makolo, otchedwa SLEM, amene amachititsa ana a galu kunjenjemera akangoyamba kuyenda, komanso vuto la ndulu limene limakonda mtunduwu ndipo nthawi zina limafuna opaleshoni. Kafukufuku wa sukulu ya Royal Veterinary College ya ku London anapeza kuti mavuto amene amawafikitsa kwa dokotala kawirikawiri ndi a mano ndi nkhama, kunenepa kwambiri ndi matenda a m'makutu. Kunenepako n'kosadabwitsa, chifukwa galuyu ndi wadyera ndipo ana amakonda kumuponyera zakudya. Ku Britain anthu amathandizidwa ndi zipatala za boma za NHS, koma galu ayi. Pamafunika inshuwalansi ya mwezi ndi mwezi, imene imakwera mtengo galu akamakula. Bungwe la PDSA limathandiza ziweto za anthu osauka, koma limayang'ana ngati munthuyo amalandira thandizo la boma, ndipo amene ali m'dzikolo pa chitupa cha ntchito nthawi zambiri saloledwa kulandira thandizo limenelo. Kwa banja limene limatumizanso fizi ndi ndalama ya feteleza kumudzi, funso lakuti ndalamayi ikuyenera kupita kwa galu si lamanyazi kulifunsa. Ngakhale ubweya uja uli ndi mtengo wake: amene sangathe kuuzula yekha amalipira katswiri, ndipo amene amangoumeta ndi makina amaufewetsa, mtundu wake n'kuzilala, madzi n'kuyamba kulowa.

5. Pali zinthu ziwiri zimene anthu amamuyembekezera koma sangazipereke. Ogulitsa ena amanena kuti popeza sayoyola ubweya wambiri, ndi wabwino kwa mwana wa mphumu kapena amene thupi lake siligwirizana ndi agalu. Chimene chimadwalitsa munthu chili m'malovu ndi m'mfundu za pakhungu la galu, ndipo palibe mtundu wa galu umene ulibe zimenezi. Chachiwiri ndi ulonda. Amauwa ndithu munthu akagogoda, koma chitseko chikatseguka amamulandira mlendoyo akugwedeza mchira, kaya ndi mbale kaya ndi wakuba.

Chigamulo

Mbali zonse ziwiri zikunena zoona za galu mmodzi yemweyo, ndipo palibe mfundo ya mbali imodzi imene ikufafaniza ya inzake. Ntchito yathu ndi kusiyanitsa mavuto amene banja lingawathetse ndi amene lingangowasenza.

Ambiri mwa amene otsutsa atchula ali ndi mankhwala ake. Mano amatsukidwa, chakudya chimayezedwa, ubweya munthu amaphunzira kuzula, mpanda umakonzedwa. Matenda ochokera kwa makolo amachepa kwambiri munthu akagula mwanzeru, ndipo apa malamulo ali kumbali ya wogula. Kuyambira mu April 2020, lamulo lotchedwa Lucy's Law linaletsa ku England kugulitsa ana a agalu kudzera mwa anthu apakati ndi m'masitolo, choncho kagalu kayenera kugulidwa kwa amene anakaweta kapena kutengedwa ku bungwe losamalira nyama. Kasachoke kwa mayi ake kasanakwane milungu 8, ndipo kuyambira mu 2016 kayenera kukhala ndi kachipangizo ka pansi pa khungu kosunga mbiri ya mwini wake. Matenda a SLEM aja amayezedwa mwa makolo, ndipo woweta woona mtima amaonetsa zotsatira zake asanafunsidwe. Wogula aone yekha mayi wa kagaluko ali ndi ana ake pamalo pamene anabadwira. Chithunzi chokongola cha pa intaneti ndi mtengo wotsika, wogulitsa n'kumati tikumane pamalo oimika magalimoto, ndi chikomekome cha mkuyu. Poyerekeza ndi agalu ena aang'ono amene mabanja amagula, Border Terrier amapambana pa thanzi, pa kupirira masewera a ana ndi pa kufatsa, ndipo pamenepa ovomereza ali ndi mfundo imene otsutsa sanaigwetse.

Mavuto awiri okha ndi amene ndalama kapena maphunziro sizingawachotse: chibadwa chake chosaka ndi kusowa kwake mtendere akakhala yekha. Loyambalo banja lingakhale nalo ngati livomereza chingwe, mpanda wolimba ndi kusaweta tinyama ting'onoting'ono pakhomo. Lachiwirilo ndi limene likugamula mtsutsowu, ndipo yankho lake lili mu ndondomeko ya tsiku ya banjalo. Wina angatsutse kuti muyezo umenewu ukukondera olemera, amene amagwirira ntchito kunyumba kapena angathe kulipira munthu woyenda ndi galu masana, ndipo ukuwamana ana a anthu ogwira mashifiti chinthu chimene anzawo ali nacho. Dandaulo limeneli ndi lolemera ndipo sitingalinyalanyaze. Komabe, banja la mashifiti nthawi zina limakhala ndi mwayi umene la muofesi lilibe, pakuti ngati mmodzi akugwira usiku ndipo wina masana, panyumba sipasowa munthu. Pena pamakhala agogo kapena wachinyamata wamkulu. Chofunika ndi chakuti munthuyo alipo ndithu ndipo wavomera ntchitoyo ndi pakamwa pake. Pamene palibe munthu wotero, amene adzalipire mtengo wa chisoni chimene tamumvera mwanayo ndi galu, amene pakatha chaka adzapezeka ali m'khola la bungwe losamalira nyama akudikira banja lina, ndipo mwana yemweyo ndi amene adzalire kwambiri.

Palinso njira ya pakati imene mbali zonse ziwiri zingagwirizanepo. Chaka choyamba cha kagalu ndi chomwe chimatopetsa koposa, ndi kukodza m'nyumba, kutafuna zinthu ndi kulumaluma kwa masewera. Mabungwe monga Dogs Trust, RSPCA ndi Border Terrier Welfare amakhala ndi agalu akuluakulu amene khalidwe lawo likudziwika kale, ndipo amafunsa mafunso ambiri okhudza nyumba, ana ndi maola a ntchito asanapereke galu. Mafunso amenewo ena amawaona ngati chipongwe, koma ndi omwewo amene banja liyenera kudzifunsa lokha.

Chigamulo chathu ndi chakuti mutuwu wapambana, koma osati pa banja lililonse. Border Terrier ndi galu woyenera pa banja limene ana ake afika msinkhu womva malangizo, lili ndi bwalo la mpanda wolimba, silikuweta akalulu kapena mbira, lingakwanitse inshuwalansi popanda kumana ana kapena abale, ndiponso lili ndi munthu wamkulu amene amapezeka panyumba masana ndipo ndi wokonzeka kuyenda ola limodzi tsiku lililonse kwa zaka 14. Pa banja lotero, agalu aang'ono omuposa ndi ochepa. Makolo amene mwawerenga mndandandawu n'kupeza kuti chimodzi chikusowa, makamaka chomalizachi, muwauze ana anu chifukwa chake momveka bwino, ndipo mudikire mpaka zinthu zitasintha pakhomo panu.